Msonkho Umene Unadya Mlamu Wanga

1

Dzina langa ndine Stafford Namalima. Amene munkapikula sopo ndi shuga pahoselo ya kuseri kwa msika pa Boma la Phalombe mundikumbukira msanga. Ndine bambo uja wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, mkulu wa mpingo amene ndinkapempherera zopereka Lamulungu lililonse. Dzina sindibisa, chifukwa chobisa chinatha.

Sitolo ija sinali yanga. Inali ya mkazi wanga Eneless, pamodzi ndi nyumba ya zipinda zinayi imene inali kumbuyo kwake. Malemu apongozi anga ndiwo anagula malowo ndi ndalama za nandolo, nayendera mpaka atapeza zikalata za boma, ndipo pomwalira anasiyira mwana wawo wamkazi. Ine ndinafika ndi chikwama chimodzi kuchokera kwathu ku Nkhulambe, mkamwini ngati akamwini onse. Koma ntchito ndinaigwira. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinasenza makatoni ndi kupsa ndi dzuwa pamwamba pa malole, mpaka kagolosale ka mashelefu awiri kanasanduka hoselo yokhala ndi mosungira nandolo mwakemwake.

Pabizinesi tinalipo atatu. Eneless ankakhala pakauntala ndi kusunga makiyi a sefa. Ine ndinkaoda katundu ku Limbe. Mlongo wake wamng'ono, Laston, ankalemba m'mabuku ndi kukasiya ndalama ku banki. Iye ndi mkazi wake Belita ankakhala m'kanyumba ka kumpanda kwathu.

Lachiwiri lina mu Ogasiti 2022, cha m'ma teni koloko, panaima galimoto loyera. Munatuluka bambo ndi mayi a ku ofesi yotolera misonkho. Anapereka moni mwaulemu, kenako mayiyo anaika kalata pakauntala.

"Mayi Namalima, bizinesi iyi ili m'dzina lanu. Kwathu zikuonetsa kuti msonkho simunalipire zaka zitatu. Makalata awiri tinatumiza, yankho ayi."

Eneless anaseka, poganiza kuti asokoneza sitolo.

"Ife timalipira miyezi itatu iliyonse. Ndimawerenga ndekha ndalamazo."

"Ndiye tionetseni malisiti."

Anatembenukira kwa ine. Ine ndinatembenukira kwa Laston. Laston anatsegula kabati, nafufuza mafayilo onse. Lisiti la msonkho munalibe ngakhale limodzi.

Eneless anatsegula kalata ija. Pamodzi ndi zilango ndi chiwongoladzanja, inali K16 miliyoni. Eneless anakhala pansi pathumba la mchere.

2

Loweruka m'mawa kunabwera amalume ake a Eneless, a Goodman, mwini mbumba, atapalasa njinga kuchokera kwa Kaduya. Tinakhala pakhonde, sitolo titatseka.

"Ndalama sizimera mapiko," anatero a Goodman. "Eneless, iwe unkazipereka kwa yani?"

"Kwa bambo a Miracle, mu envulopu," anayankha akundiloza.

"Nanga inu akamwini?"

Ndinakonza tayi. "Ine ndinkapatsira Laston kuti akapita ku banki akalipiriretu. Ndinkamukhulupirira ngati mng'ono wanga."

Laston anadzambatuka pampando.

"Alamu! Mwandipatsa liti? Si inu munkati za msonkho mumalipira nokha mukapita ku Limbe?"

"Khala pansi, ukulankhula ndi akulu," anakalipa a Goodman.

"Achemwali, ndikulumbira pamanda a amayi, ine envulopu imeneyo sindinaigwirepo."

Mboni panalibe. Anali mawu anga ndi mawu ake. Tsono taganizani nokha, mbali iyi mkulu wa mpingo wosalawa ngakhale thobwa lowawasa, mbali inayo munthu amene kale ankagona m'mashabini asanakwatire, amenenso chaka chomwecho anali atagula njinga yamoto yatsopano.

"Njinga ija unagula ndi chiyani?" anafunsa a Goodman.

"Belita anatenga ngongole kubanki mkhonde. Kafunseni gulu lawo."

Palibe anapita kukafunsa. Misozi ya Eneless inkatsikira pachitenje. Pomaliza anatukula mutu.

"Laston, ndinakubereka kumbuyo amayi ali kumunda. Sukulu ndinakulipirira ndine. Ukanandipempha, ndikanakumana?"

"Achemwali…"

"Kupolisi sindikupereka, chifukwa cha malemu. Koma pofika mawa ndipeze kanyumba kaja kali kotseka."

Njinga ija a Goodman analamula kuti itsale, igulitsidwe. Mawa lake Laston ndi Belita anakwera lole ya fodya ndi mphasa, ndowa ziwiri ndi mwana wawo wa miyezi isanu ndi inayi. Anapita kwawo kwa Belita, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali yomweyo ya ku Nkhulambe. Pokwera, Laston anandiyang'ana nthawi yaitali.

3

Mayi wa misonkho uja anali atatiuza kuti tikhoza kupita ku ofesi kwawo ndi mabuku onse, tikagwirizane zolipira pang'onopang'ono. Eneless ankafuna zimenezo.

"Tiyeni tikawapemphe, bambo a Miracle. Anthu aja si zilombo."

"Simukuwadziwa inu," ndinamuyankha. "Akangoyamba kufukula mabuku, adzapeza zina ndi zina, 16 idzasanduka 30. Adzatseka sitolo anthu akuona. Njira ndi imodzi, tilipire zonse kamodzi, nkhani ife."

"Ndalama zake ziti?"

"Nyumba ino ili ndi zikalata."

Anakhala masiku anayi osandilankhula za nkhaniyo. Ine sindinaleke. Ndinkamukumbutsa za manyazi, za Miracle mwana wathu amene anali Fomu 3 kusukulu yogonera konko, za azimayi a mvano amene anali atayamba kale kunong'onezana. Tsiku lachisanu anatsegula sutikesi ya malemu mayi ake, natulutsa envulopu yakhaki yokulungidwa m'pepala la pulasitiki.

Banki inati tidikire miyezi iwiri. Ine ndinapeza kampani ina yobwereketsa ndalama ku Limbe imene inati sabata imodzi yakwana. Anabwera kudzayeza nyumba ndi sitolo, najambula mpaka chimbudzi. Anavomera kutipatsa K16 miliyoni, ife tizibweza K1.9 miliyoni mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu.

Tsiku losainira, kalaliki wa kampaniyo, mnyamata wofatsa wa magalasi, anawerenga pepala lonse mokweza. Atafika pamapeto anaika cholembera pansi.

"Mayi, ndibwereze pamenepa. Mukalephera miyezi itatu yotsatizana, nyumba ndi sitolo tili ndi mphamvu yogulitsa. Mwamvetsa?"

"Ndamva."

"Mukhoza kukaganiza kaye. Palibe akukuthamangitsani."

Eneless anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti asaine. Anasaina, ndipo dzina lake linatuluka ngati walemba mwana wa Sitandade 2.

Msonkho tinalipira wonse. Mu minibasi pobwerera anandigwira dzanja, chinthu chimene sankachita pagulu.

"Mukanakhala mwamuna wina mukanandithawa. Mulungu akudalitseni."

Ndinayang'ana pawindo.

Miyezi isanu yoyamba tinabweza, movutika koma tinabweza. Nyama inasowa pakhomo, ndipo Eneless anasiya kupita kusaluni. Chiyembekezo chathu chinali pa matumba a nandolo ndi chimanga amene tinasunga kuti tidzagulitse mitengo ikakwera.

4

Za mvula ya mu Malichi 2023 sindikuuzani zambiri, poti aliyense wa kuno ali ndi nkhani yake. Inagwa masiku anayi osapuma. Madzi analowa mosungira katundu mpaka m'chiuno. Nandolo anafufuma n'kung'amba matumba, shuga anasungunuka, ufa unasanduka phala lonunkha.

Mvula itayamba kukata, uthenga unafika wakuti ku Nkhulambe kwatsika napolo. Phiri linang'ambika, madzi anabwera ndi miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo midzi ina inafafanizika. Mafoni sankagwira. Misewu inali itaduka.

Eneless anasiya kukolopa matope m'sitolo, naima ndi chikolopa m'manja.

"Laston," anatero.

Miyezi isanu ndi iwiri anali asanatchule dzina limeneli.

Tsiku lachitatu kunafika munthu wapansi wochokera kumeneko. Anati mudzi wa kwawo kwa Belita wapita theka. Belita ndi mwana anawaona amoyo. Laston sanaoneke.

"Mawa tikupita," anatero Eneless.

"Njira kulibe, amake Miracle. Tidikire asilikali atsegule msewu."

"Inu dikirani. Ine ndikupita."

Ndinayesa zifukwa zonse, za kolera, za milatho, za akuba amene angathyole sitolo. Iye ankangolongedza zitenje ndi mabotolo a madzi. Nditaona kuti apitadi, ndinati bola ndikhale pambali pake kusiyana n'kuti akafike yekha.

5

Kabaza anatitula pamene panali mlatho. Kuchokera apo tinayenda wapansi maola asanu. Kumene kunali minda ya chimanga kunali mchenga woyera ndi miyala. Anthu ankakumba ndi makasu pamene ankaganiza kuti panali nyumba zawo, ena atamanga nsalu kumphuno. Panalibe wolira mokweza. Anali atatopa.

Titafika, Eneless anafunsa mayi wina amene ankatola malata opindika.

"Opulumuka a mudzi uno ali kuti, mayi?"

"Ena ali kusukulu. Koma ovulala ali pamtunda apo, kunyumba ya a Namalima."

Eneless anaima.

"A Namalima ati?"

"Aja ali ndi hoselo pa Boma. Ndi ya malata obiriwira iyo mukuionayo. Pakanapanda nyumba imeneyo tikanatha tonse. Simenti yake si yamasewera."

Mayiyo sankandidziwa nkhope. Anapitiriza kutola malata ake.

Eneless anayamba kukwera mtunda, ine ndikumutsatira ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Nyumba inaima bwinobwino pakati pa bwinja lonselo: zipinda zisanu, khonde la matailosi, mawindo a magalasi. Pakhonde panali anthu osachepera makumi anayi.

Mlongo wanga Gracious anatuluka m'nyumbamo akuthamanga, nagwada pamaso panga.

"Achimwene, mwabwera! Pepani, ndinatsegula zipinda zonse osakupemphani. Ndawauza anthuwa kuti athokoze inu, musandikalipire. Nyumba yanu yapulumutsa mudzi."

Azimayi anayamba kuwomba m'manja. Gogo wina anakwawa kudzandigwira mwendo.

Pakona ya khonde panakhala Belita, mwendo atamumanga ndi timitengo, mwana ali pamiyendo. Iye yekha sanawombe m'manja. Eneless anapita kukagwada pafupi naye.

"Alamu, ali kuti Laston?"

"Anatikweza ine ndi mwana mumtengo wa mango. Kenako anabwerera kukatenga amayi anga. Madzi achiwiri ndiwo anabwera ndi miyala. Takumba masiku atatu. Sitinawapeze onse awiri."

Kenako analoza ine ndi chibwano.

"Afunseni awo kuti msonkho wanu uli kuti. Mwaukhalira pomwepa."

6

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Envulopu khumi ndi ziwiri zija Laston sanazigwirepo. Ndinkatuluka nazo m'nyumba ndi kukwera basi ya ku Limbe, ndipo kumeneko ndinkagula simenti ndi malata n'kutumiza kwathu. Makalata awiri ochenjeza aja ndinawalandira ndine ku positi, ndinawang'amba. Gracious ndinamuuza kuti aziti nyumbayo akumanga ndi mwamuna wake wa ku Joni.

Chibwenzi ndinalibe, mowa sindimwa, juga sinditchova. Chimene chinandidya ndi mantha. Ndili mwana ndinaona bambo anga akuchotsedwa pamudzi amayi atamwalira, atalima pamenepo zaka makumi atatu. Anachoka ndi bulangete ndi khasu. Tsiku lina, pamaliro a apongozi, ndinamva a Goodman akuuza anzawo kuti, "Mkamwini ndi mlendo, zonsezi n'za mbumba." Mawu amenewo anandikhala pamtima. Ndinayamba kudziuza kuti sindikuba, ndikungotenga thukuta langa. Ndinkati ndikamaliza denga ndidzabweza msonkho mwakachetechete. Denga litatha panafunika mawindo. Mawindo atatha panafunika matailosi.

Ndinakana zokakambirana ku ofesi ya misonkho chifukwa kumeneko akanaonetsa Eneless kuti makalata aja anatumizidwa liti ndipo anasainira ndani. Ndinasankha kuti nyumba ya mayi ake ipite pachikole kusiyana n'kuti ine ndigulitse yanga.

Koma chachikulu si chimenecho.

Mu Febuluwale, kutatsala milungu itatu kuti napolo atsike, Laston anandipeza pa depoti ya minibasi pa Boma. Anali ataonda, atavala nkhwaira za matayala. Anandikokera kuseri kwa mabenchi a tomato.

"Alamu, ndinapeza ganyu yoponya njerwa pampanda wa nyumba ina kwanu kuja. Tsiku lolandira, kapitawo anati tidikire bwana atumize ndalama pafoni. Uthenga utalowa anandionetsa. Dzina linali lanu."

Ndinatulutsa K50,000 m'thumba. Anaiyang'ana ngati ndamupatsa chule.

"Sindinabwerere zimenezo. Achemwali ali ndi BP, ndikawauza ine mwadzidzidzi mwina ndiwapha. Muwauze nokha, mwa njira yanu. Ndikupatsani mpaka Pasaka. Ine ndikungofuna ndidzalowenso pakhomo paja ngati munthu."

Ndinalonjeza. Ndinalibe maganizo okwaniritsa.

Ndipo tsiku lija wapansi uja atanena kuti Laston sanaoneke, Eneless akugubuduka pansi ndi kulira, ine ndinalowa m'sitolo ngati ndikukatenga madzi. Nditatseka chitseko ndinapuma mpweya waukulu, mapewa anga n'kupepuka. Mumtima ndinati, basi, yatha. Munthu anali pansi pa miyala, ine ndinamva kupepuka. Ichi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Mukuchimva ndinu oyamba.

7

Eneless sanakomoke, sanatukwane. Pakhonde lija, anthu onse akumva, anandifunsa funso limodzi.

"Tsiku lija ndinkathamangitsa mlongo wanga, inu mutakhala pampando mukuonerera, munkamva bwanji?"

Anavula chitenje chimodzi n'kufunditsa Belita, natenga mwana uja n'kumubereka kumbuyo. Anakhala kumeneko masiku asanu ndi limodzi akukumba nawo. Ankagona kusukulu. M'nyumba mwanga sanalowemo, ngakhale kumwa madzi ake.

Laston sanapezeke mpaka lero. Pamwambo wake a Goodman anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti mbumba inamulakwira mwana wawo. Nkhalamba ija inalira ngati mwana. Ine anandiuza kuti ndisayandikire.

Ngongole sinadikire maliro. Katundu anali ataonongeka, ogula analibe ndalama. Epulo tinalephera, Meyi tinalephera, Juni chimodzimodzi. Kampani ija inatiwonjezera miyezi itatu chifukwa cha ngoziyo, koma panalibe potolera. Ndinathamanga uku ndi uku kutsatsa nyumba yanga. Ndani angagule nyumba yopanda zikalata, m'dera limene boma likuuza anthu kuti asamuke? Wina anati andipatse K2 miliyoni kuti angosasula malata ndi mawindo.

Mu Novembala anabwera ndi wogula, mkulu wina wa mabizinesi wa ku Mulanje. Eneless anapereka makiyi yekha. Ine ndinali nditaima kutsidya kwa msewu, chifukwa ukwati unali utatha kale mu Meyi pamaso pa ankhoswe. Ndinamuona akukweza sutikesi ya mayi ake pangolo.

Pano amakhala kwa Kaduya, m'nyumba ya zipinda ziwiri, pamodzi ndi Belita amene amayenda motsimphina ndi mwana wa Laston. Amagulitsa zitumbuwa ndi tomato pamsewu. Miracle anachoka kusukulu yogonera ija, analembera mayeso ake kusukulu yoyendera. Ndikamuimbira foni amayankha mwaulemu, "Ndili bwino, bambo," kenako amakhala chete mpaka ine ndidule.

Ine ndimakhala m'nyumba ija. Anthu ambiri anasamukira kumalo atsopano, Gracious nayenso anapita. Zipinda zinayi n'zotseka, ndimagona m'chimodzi. Ndikakhala pakhonde ndimaona chigwa chonse cha miyala, ndipo penapake pansi pa miyala imeneyo pali mlamu wanga. Otsala ochepa a m'mudzimo amandipatsabe moni wa ulemu, ena amandibweretsera chinangwa, amati ndine munthu amene nyumba yake inawapulumutsa. Ndinayesapo kuwafotokozera. Gogo wina anangoti, "Zimenezo n'za kwanu, ife tikudziwa kuti tili moyo."

Inu owerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Ndikudziwa kuti alipo akamwini ena amene akuwerenga ali ndi mantha ngati anga aja, ndipo mantha amenewo si opanda pake. Koma ine sindinamufunsepo Eneless. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tikugona chipinda chimodzi, sindinatsegule pakamwa kunena kuti, "Mkazi wanga, ndikuopa kudzachoka pano chimanjamanja." Tsiku lothetsa ukwati, ankhoswe atamva chifukwa changa, iye anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mukanangonena, bwenzi titamanga limodzi, ndipo njerwa ndikanaumba nawo."

Ngati muli ndi pepala limene mukufuna mnzanu asaine, muuzeni zonse cholembera chisanafike papepala. Ndipo ngati alipo munthu amene akusenza mlandu wanu lero, musadikire Pasaka. Pitani akadali ndi makutu omvera. Ine ndimapepesa tsiku lililonse, koma ndimapepesa miyala.